Penti pansi pa mtengo wa masau

Motoka yanga inali yoyera pamene ndinaigula. Zaka zonyamula nsomba kuchokera pa doko la Feira kupita ku mlatho wa Luangwa zinaisandutsa mtundu wa mano a munthu wa fodya. Minga ya m'mbali mwa mseu inakanda zitseko zonse, madzi a mchere odontha m'masaka a nsomba za ku Zumbo n'kulowa m'mizeremo, dzimbiri n'kupeza pokhala. Ine sindinali kuziona. Munthu amene ukhala naye tsiku ndi tsiku sumuona makwinya.

Ndinaziona chaka chimene mwana wathu woyamba anakwatiwa. Anatuma foni ali ku Lusaka, kumene agwira ntchito, nati, "Atate, ku tchalitchi mudzandipereka ndinu, pa motoka yanu." Sabata yomweyo tinamva kuti amalume a mkamwini adzabwera ndi motoka yatsopano, yakuda, yonyezimira ngati mlamba wongovuulidwa kumene.

"Abambo, mwana wanena mwaulemu chabe," anatero akazi anga. "Musamuchititse manyazi pa zithunzi."

Ndinatuluka, ndinaizungulira motoka ija ndi maso a mlendo, ndipo ndinakhala pansi.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma pepala lililonse lolembedwa ndimaliwerenga, ngakhale lokulungira vitumbuwa. Ndinali ndi kabuku kachingerezi kopanda chikuto, konena za kusamala motoka, ndipo ndinakakhulupirira monga mwa nthawi zonse. Kanati: tsukani, khulani ndi sandipepa mpaka dzimbiri lithe, kenaka pakani penti pang'ono pang'ono, pamalo ozizira ndi opanda fumbi. Wolembayo sanafikepo kwathu mu Ogasiti.

Penti ya motoka pa boma panalibe. Ndinagula yoyera yopaka mageti, n'kudziuza kuti kuyera ndi kuyera basi.

Sandipepa ndiye anandiphunzitsa zaka zanga. Ukayamba kukhula kamzere kochepa ngati ulusi, umapeza pansi pake pali chigamba cha dzimbiri chonga chikhatho. Pena chala chinabowola n'kutulukira mkati mwa chitseko. Ndinali kugwada m'mawa, kudzuka masana nditagwira tayala, msana ukukana kuwongoka. Manja ananunkha chitsulo masiku onsewo, ngakhale nditasamba ndi sopo.

Tsiku lopaka, dzuwa linaumitsa penti ikali pa bulashi. Ndinakumbukira mau a buku aja, pamalo ozizira, ndipo ndinakankhira motoka pansi pa mtengo wa masau umene uli kuseri kwa nyumba. Mthunzi unalipo ndithu. Ndinaiwala chabe kuti inali nyengo ya masau. Ndinapaka chitseko choyamba bwinobwino, ndinabwerera m'mbuyo kuti ndidzitame, mphepo n'kubwera ndi fumbi la bwalo lonse pamodzi ndi timasamba. Masau akupsa anayamba kugwa pa denga la motoka, pho, pho, n'kugubuduka kudutsa m'penti yaiwisi. Ndinapita kukamwa madzi. Pobwera ndinapeza mbuzi za aneba zikutola masau, ina ikudzikanda nthiti pa chitseko changa.

M'mawa mwake amai a nyumba ya kuseri, eni mbuzi zija, anaima pa mpanda. "Aneba, mbuzi zanga mwayamba kuziika chizindikiro? Mukadauza ine ndisankhe mtundu."

Ndinakhulanso, ndinapakanso, koma mphamvu zinali zitatha. Ngakhale pamene penti inauma bwino, kuyera kwatsopano kunakana kugwirizana ndi kuyera kwakale. Motoka inatuluka mawanga ngati ng'ombe. Akazi anga anaiyang'ana nthawi yaitali atanyamula beseni.

"Kale inali yokalamba chabe," anatero. "Tsopano ioneka yodwala."

Sananame.

Mwana anafika ndi basi ukwati utayandikira. Anaika chikwama pakhonde, anapita kuseri, ine ndikumutsatira ngati mwana amene waswa mbale. Anapeza katsamba ka masau katamatirira pansi pa chogwirira chitseko, anayesa kukachotsa ndi chikhadabo, kanakana.

"Atate, mwaichita chiyani?"

"Ndinawerenga buku."

"Ndaona."

Ndinamuuza zimene ndinali nditakonza mumtima: akwere yakuda ija, palibe amene adzakhumudwa, ine ndidzanyamula mapoto ndi mipando. Ndinalankhula ndikuyang'ana tayala. Iye sanandimvere n'komwe. Anatsegula chitseko, analowetsa mutu, anautulutsa msanga atatseka mphuno.

"Inu mulimbana ndi kunja, kodi ine ndidzakhala kunja? Diresi langa likafika ku tchalitchi likununkha nsomba, abusa adzayesa ndabwera kudzagulitsa. Amai, sopo ali kuti?"

Masiku onse aja ndinali kugwada m'fumbi, za fungo sindinaganizeko. Mphuno yanga inazolowera kalekale. Anatulutsa mipando, amai ake ndi iye, anaitsuka ndi sopo ndi mandimu, anaiyanika padzuwa. Akukolopa pansi, mwana anati, osandiyang'ana, "Pochoka pano ndikwera iyi. Pochoka ku tchalitchi ndidzakhala wa eni ake, akandinyamule ndi yao."

Zinatero. Anayala chitenje chatsopano pa mpando wa kumbuyo, atsikana anamanga maliboni kuyesa kubisa mawanga, koma maliboni anatha mawanga asanathe. Ndinayendetsa pang'onopang'ono kuti fumbi lisalowe, ndipo mseu wa ku tchalitchi, umene ndimaudandaula masiku onse, tsiku limenelo unafupika. Pa zithunzi motoka ioneka monga ilili. Ine ndaima pambali pake, penti ikali m'zikhadabo.

Titatuluka, yakuda ija inamutenga, malipenga akulira. Ine ndinachotsa chitenje, ndinachipinda, ndinalongedza mapoto pa mpando umene anakhalapo.

Mvula itabwera, dzimbiri linatulukanso m'malo ake akale, limodzi ndi ena atsopano. Chitini cha penti chili pansi pa bedi, chivundikiro chinamatirira, ndipo sindinayesenso kuchitsegula. Katsamba kaja kakali pa chitseko. Ndimakakhudza ndi chala m'mawa uliwonse potsegula, ndikamapita ku doko kukadikira mabwato a ku Zumbo.