Chaka Chimene a Lateh Anakolola Mchere Popanda Tsamba

M'mudzi mwathu muja, m'mphepete mwa nyanja ku Pattani, munthu ukafuna kudziwa ngati mvula ikubwera sunkavutika n'kuyang'ana kumwamba. Unkangoyang'ana a Lateh. Ukawaona atanyamula chokokolera mchere paphewa, akupita kwawo chothamanga ngati asiya mphika pamoto, unkadziwa kuti zovala zili pachingwe n'zofunika kuanula. Anthu otafuna tsamba la ketum, lija akunja amati kratom, amaopa mvula. Ikangowadonthera pamsana amanjenjemera ngati anapiye. Tsono a Lateh ankaiopa pawiri, poti analinso mlimi wa mchere, ndipo mvula ya kamphindi imasungunula thukuta la mwezi wathunthu.

Anali munthu wamtali, wouma ngati nsungwi, masaya ali bii kuposa nkhope yonse, monga amakhalira onse okalamba ndi tsambali. Analiyamba ali mnyamata, tsiku limene bambo awo anawagawira munda woyamba wa mchere. Anawaphunzitsa kusankha tsamba lokhwima, kusadzula msempha wapakati chifukwa umamanga m'mimba, kulipinda ndi kamchere pang'ono, kutafuna mosafulumira, kulavula zotsalira, kenaka kumwera madzi ofunda. "Lochepa limakudzutsa, lambiri limakugoneka," anatero bambowo, ndipo mwambo unathera pomwepo. A Lateh sanaonjezepo kanthu moyo wawo wonse. Anyamata amene ankaliphika m'mipoto n'kusakaniza ndi mankhwala a chifuwa ankawayang'ana ngati anthu osambira m'chitsime chakumwa.

Ngakhale mkazi anam'peza chifukwa cha tsamba lomwelo. Masiku amenewo bambo wa mtsikana ankafunsa kuti, "Kodi mnyamatayo amatafuna kapena amasuta chamba?" Wotafuna ankadziwika kuti dzuwa salithawa. Motero a Sepiah anaperekedwa mosavuta, nabereka mwana mmodzi, Rohani. Zaka zonse zimene boma linkaletsa mtengowu, apolisi akuzungulira ndi nkhwangwa, wa a Lateh unapulumuka poti unamera kuseri kwa manda, kumene apolisiwo sankakonda kupondako.

Atakalamba onse awiri, boma litaleka kale kudula mitengo, uthenga unafika kumzikiti kuti nthawi yawo yopita ku Makka yakwana. Anali atadikira zaka zambiri. A Sepiah analira ndi chimwemwe, koma mawondo awo anali atatha kalekale, moti ulendo wonsewo unafunika munthu wowakankha pachikuku, ndipo munthuyo anali mwamuna wawo. A Lateh akalephera, nawonso a Sepiah ndiye kuti atsala, ndipo pa msinkhu wawo panalibe zoti tidzapita chaka china.

Woyamba kutchula vutolo anali a Deramae, bwenzi lawo la paubwana, woweta njiwa zoimba. Anali pakanyumba ka tiyi pafupi ndi mzikiti.

"Ndiye mwati mukupita, achimwene? Nanga mkazi wamkulu mum'siyira yani?"

"Mkazi wamkulu uti? Ine ndili ndi mmodzi."

"Aaa, musatipusitse. Uja wa kuseri kwa manda. A Sepiah ndi wachiwiri, mudzi wonse ukudziwa."

Anthu anaseka, a Lateh nawonso anaseka, koma tiyi anawazizirira m'kapu.

"Sindikucheza ayi," anapitiriza a Deramae, atatsitsa mawu. "Kumeneko tsamba ili salidziwa ngati ndiwo. Akakupezani nalo, Makka mudzaionera pazenera la ndende. Ndipo inu, ndimakudziwani, mukangodumphitsa m'mawa umodzi mumasanduka nkhanu yophika."

Zinali zoona. Ngakhale mwezi wa Ramadani, a Lateh ankamasula kusala kudya ndi chipatso chimodzi cha tende, madzi, kenaka tsamba, mpunga n'kubwera pambuyo.

Amene anabwera ndi nzeru anali mkamwini wawo Sukri, mwamuna wa Rohani, munthu wa mtima wabwino koma wothamangira zinthu. Iyeyu ankagulitsa ufa wa ketum mumzinda. Anafika Lachisanu lina n'kuyala timapaketi titatu pamkeka.

"Bambo, nkhawa yatha. Tsamba laliwisi silingayende, koma ufa umayenda. Uwu ndi wofiira, wa kuphwanya kwa thupi ndi tulo. Uwu wobiriwira, wa ntchito. Uwu woyera, ndiye azungu amaulimbirana."

"Wa msempha wofiira ndimaudziwa," anatero a Lateh, akununkhiza. "Wobiriwira ndimaudziwa. Koma woyera? Ndakalamba chonchi sindinauone mtengo wake."

"Zili m'kayanikidwe, bambo. Wina padzuwa, wina pamthunzi, wina timayamba taufundika m'thumba. Tidzangouthira m'botolo la zokometsera ndiwo. Ndani amatsegula chikwama cha agogo? Ingoyesani kaye, kasipuni ka tiyi, kosadzaza."

A Lateh anayang'ana kasipuniko naseka chamumtima. Munthu wotafuna masamba odzaza manja awiri patsiku, amupatse muyezo wa khanda? M'mawa mwake, a Sepiah ali kuseri, anatenga chipande chogawira mpunga, natapa wobiriwira uja mosefukira, nasungunula m'madzi n'kugugudiza. Chimene sanaganizire n'chakuti tsamba ankaliwerenga ndi maso, limodzilimodzi, tsiku lonse, ndipo zotsalira ankalavula. Ufa ulibe nkhope. Sudziwa kuti m'chipande mwalowa masamba angati, a mtengo uti, ndi misempha yomwe kapena ayi, ndipo zonse zimatsikira m'mimba nthawi imodzi.

Sanafike n'kumunda komwe. Anthu anawapeza atakhala tsonga pamzere wa thope, thukuta lili kamukamu, dziko likuwazungulira, akusanza mpaka ndulu. Sukri anawanyamula panjinga yamoto kupita nawo kuchipatala chaching'ono, nkhope yake itayera kuposa ya wodwalayo. Namwino wa kumeneko, mayi wosakonda kuzungulira, atamva kuti amamwanso mapiritsi a kuthamanga kwa magazi anagwira m'chiuno.

"Agogo, mukufuna kupita ku Makka kapena kumanda? Ufawu muusiye. Tsambalo ngati mukulisiya, musalidule tsiku limodzi, thupi lidzakuukirani. Tsikani pang'onopang'ono, ndipo muzibwera ndizikuonani."

Madzulo ake a Sepiah anawaphikira phala la mpunga, nakhala pambali mpaka mbale itayera.

"Bambo a Rohani, ndamva za botolo lija."

"Anali maganizo a mwana."

"Mwana anaganiza, wamkulu anavomera. Tamverani. Ine sindikazungulira nyumba ya Mulungu ndi chinthu chobisa m'chikwama. Kuli bwino ndife osapitako."

"Nanga ndikalephera?"

"Mukalephera ndiye kuti mwalephera, tidzakhala pano. Koma kuyambira mawa kumtengo kuja ndizipita ndine."

Posakhalitsa mvula inayamba, minda ya mchere n'kumira, ntchito palibe. Tsiku lililonse a Sepiah ankatsimphina ndi ndodo mpaka kuseri kwa manda, n'kubwera ndi masamba m'kansalu. Mlungu uliwonse kansaluko kankapepuka. Pambuyo pake anayamba kung'amba tsamba pakati, kenaka theka lomwelo n'kuling'ambanso. A Lateh ankayasamula mpaka misozi, mamina ali chuchuchu, mafupa akuwawa ngati wina akuwapala ndi mpeni wobuntha. Ankafunda nsalu ziwiri masana. Miyendo sinkafuna kukhala pamodzi, mpunga sunkakoma. Chibaba chikawagwira ankatsika m'nyumba yawo yomangidwa pamwamba pa mizati n'kukaima pansi pake, akuyang'ana mvula, nsagwada zikutafuna mphepo.

Choipa kwambiri chinali mtima. Munthu amene sanakalipirepo ngakhale mbuzi anayamba kulusa ndi chitseko chomwe. Tsiku lina a Deramae anabwera kudzawazonda atanyamula njiwa yawo yokondedwa m'kakhola ka nsungwi, ati iwaimbire.

"Tamvani mawuwo, achimwene. Ameneyu ndi mankhwala."

"Chotsani chinkhuku chanucho! Moyo wanu wonse mwathera kumvetsera mbalame, anzanu tikugwira ntchito. Mwakolola chiyani inu?"

A Deramae anaphimba kakhola kawo ndi nsalu mwakachetechete, navala nsapato, napita. Sanabwerenso nyengo yonse ya mvula. Kumzikiti ankapereka moni wa pakamwa pokha.

Mvula itakata, mphepo ya chilimwe itayamba, kansalu ka a Sepiah kanali kopanda kanthu. Thupi linali litaleka kulira. A Lateh anatsikira kuminda, natsendera thope, nalowetsa madzi a m'nyanja monga mwa zaka zonse, mchere nuyamba kuyera. Koma pokokola anaona zachilendo. Dzuwa lisanafike paliwombo, manja analefuka. Msana unayamba kulankhula, ndipo unalankhula zakale, za zaka zimene unkapweteka mwini wake osamva. Kwa nthawi yoyamba chibadwire anakakhala pamthunzi wa chisakasa anzawo akadali m'munda, naona mmene dzuwa limavinira pamwamba pa mchere. Ankaliona tsiku ndi tsiku, koma anali asanakhalepo pansi n'kuliyang'ana.

"Kani ndine nkhalamba," anauza a Sepiah madzulo. "Bwanji simunandiuze?"

"Tinkakuuzani. Munali ndi tsamba m'kamwa, simunkamva."

Theka la minda analipereka kwa Sukri, amene kuyambira tsiku la kuchipatala lija ankangofuna chowachitira. Mchere wa chaka chimenecho unali wochepa, milu yake yofika m'mawondo. Izi sizinawadandaulitse kwenikweni. Chimene chinkawadya chinali china: ngati chokokolera chikuwalemera dzuwa lisanakwere, adzatha bwanji kukankha munthu pakati pa khamu, padzuwa la ku Makka limene obwerako amati limaposa lathu? Tsamba analisiya, koma mwina mphamvu zinapita nalo limodzi.

Sanali munthu wokhulupirira chinthu asanachiyese. Masana ena, dzuwa lili pamutu, anatsuka wilibala yonyamulira mchere, nayalamo mkeka ndi pilo, naiimika pakhomo.

"Mayi a Rohani, takwerani."

"Mwayambanso ufa uja eti?"

"Takwerani, ndione ngati ndingathe. Ndisakachite manyazi kwa eni ake."

A Sepiah anakonza mpango wawo, natenga ambulera, nakwera.

Munda waukulu wa a Lateh unali ndi mzere wouma wouzungulira, wokwanira tayala limodzi. Anayamba bwino. Ulendo woyamba anthu a m'minda yoyandikana anangoimika ntchito. Wachiwiri anayamba kukuwa.

"Mcherewo mukugulitsa bwanji, a Lateh?"

"Umenewo ndi wa chaka chatha, waumitsitsa!"

"Pitirizani kuseka," anayankha a Sepiah pansi pa ambulera. "Akazi anu munawanyamulapo liti inu?"

Ku Makka amazungulira nyumba ya Mulungu kasanu ndi kawiri, ndipo a Lateh anatsimikiza kuti sachepetsa. Pofika pakati, mphamvu zinayamba kutha. Malaya anamatirira pamsana, m'makutu mukulira. Dzanja linapita lokha m'thumba la malaya mmene munkakhala masamba, nilipeza mulibe kanthu, wilibala n'kupendekeka. A Sepiah anagwira m'mbali osakuwa.

"Imani, bambo."

"Ndikaima ndiye kuti ndalephera."

"Ndani ananena? Kumeneko amaletsa kupuma?"

Pamenepo panamveka mawu kuchokera pachisakasa. Anali a Deramae, amene wina anakawauza kuti bwenzi lawo lapenga. Anali atanyamula ketulo ya madzi.

"Inu achimwene, ngakhale njiwa yanga imaimba n'kupuma. Khalani pansi apa musanatitayire mlamu wathu m'madzi."

A Lateh anatula wilibala, nakhala pamthunzi, namwa madzi, ena nathira pamutu. Mtima utabwerera m'malo, anatembenukira kwa bwenzi lawo.

"A Deramae, mbalame ija si nkhuku."

"Ndikudziwa. Nayonso ikudziwa. Inakwiya mlungu wathunthu."

"Mukaipepesere."

"Mukapepese nokha, ili pakhomo. Tsono dzukani, mwatsala ndi katatu. Ine ndiziyenda kutsogoloku ndi madzi, ndikhale ngati Mwarabu."

Anamaliza dzuwa litapendeka, atapuma kawiri konse, a Deramae ali patsogolo ndi ketulo, anthu a m'minda atasiya kuseka n'kumawerenga nawo mokweza. Potsika, a Sepiah anadandaula kuti matako achita dzanzi ndipo woyendetsayo sadziwa kupewa mabampu. A Lateh anagona chagada pamkeka wa m'chisakasa, chifuwa chikukwera ndi kutsika, akuseka osatulutsa mawu.

"Tipita," anatero. "Pang'onopang'ono, koma tipita."

Ananyamuka mchere utalowa m'nkhokwe. Chikwama analongedza a Sepiah okha: nsalu zoyera, nsomba zouma, mapiritsi a kuthamanga kwa magazi ndi mafuta opaka mawondo. Mudzi wonse unawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo a Lateh ndi amene anawakweza mayiwo m'basi, atakana thandizo la Sukri.