Mbewu ya Kwathu ndi Chisanu cha ku Joni

"Makhi, kachitsekerero ka botolo kameneko mukuchita nako chiyani pa chimangapo?" Anandifunsa choncho mayi achiZulu oyandikana nawo kuno ku Dukathole ku Joni, kumene woyandikana naye amatchedwa makhi, atandipeza nditagwada kuseri kwa kanyumba kanga ka malata, mwana ali kumsana. Ndinawauza kuti ndi muyeso wa feteleza, phando lililonse kamodzi. Anaseka, akuti ndikudzivutitsiranji ufa uli mbwee m'sitolo. Ndinawasiya aseke. Koma mtima unabwerera ku dzinja limene ndinaphunzira muyeso umenewu.

Ndinali kamtsikana, titangofika kumene kuchokera ku Ntcheu. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Bedfordview, ndipo tinkakhala ndi amalume, amene ankagwira ku fakitale ku Alrode. Pobwera, amayi anabisa chimanga cha makolo m'sokosi yakale pakati pa zitenje. Njere zake zinali zolimba, zonyezimira, zina zofiirira. Inali mbewu ya pabanja pathu, ndipo munda umene inachokera unali utapita kale m'manja mwa anthu ena. Kwina koitenga kunalibe.

Amayi anapeza kamalo m'mphepete mwa njanji, pamene anthu ankatayapo zinyalala. Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, amayi ankavula nsapato n'kugwira khasu. Khasulo linkalira pa mabotolo osweka ndi mawaya. Anakweza mizere yowongoka ngati ya kwathu, n'kumakwiriramo udzu ndi masamba zimene ankasesa kuntchito, zobwera nazo m'matumba pa takisi anthu akuwayang'ana cham'mbali. Azimayi akonkuno, amene amabzala pansi posalaza, ankaima n'kufunsa kuti tikukumba manda a anthu angati.

Mu Okutobala kunagwa mvula ya matalala ndi ziphaliwali. Azimayi aja anathamangira kukabzala. Amayi anangopinda manja.

"Ichi ndi chizimalupsa," anatero. "Wobzala pa mvula imeneyi amabzala kawiri."

Kwathu zimenezo n'zoona. Mvula yoyambayo imangozimitsa moto wa kutchire, kenaka dzuwa limabwerera n'kuwotcha zonse. Koma kuno mvulayo sinasiye. Chimanga cha anzathu chinafika m'mawondo, amayi akudikirabe mwezi wake, komanso sankafuna kubzala feteleza asanamupeze. Tinadzabzala Khirisimasi itayandikira.

Tsiku lobzalalo amalume anaima pa mzere, manja m'thumba.

"Achemwali, siyaniko theka m'sokosimo. Kuno ndi ku Joni, nthaka yake sinakudziweni."

"Mbewu imasungidwa m'nthaka, achimwene, osati m'sokosi," anayankha amayi, n'kukhuthula yonse.

Chitamera, ntchito yanga inali kutsogola ndi kamtengo, kuboola dzenje pambali pa mmera uliwonse. Amayi ankabwera m'mbuyo ndi kachitsekerero, kuthira feteleza wokulitsa, n'kukwirira ndi chidendene. "Usayandikize, amawotcha," ankatero mpaka ndinkawamva kutulo. Zala zinkanyerenyetsa pamene panali tizilonda. Tinapalira udzu usanakule. Chitafika m'mawondo tinathira wobereketsa nthaka ili yonyowa, kenaka n'kubandira kuti mphepo isachigwetse.

Chimanga chimenecho! Masamba obiriwira mochita kuda, mapesi onenepa, msinkhu kupitirira amalume. Aja ankanena za manda anayamba kubwera kudzafunsa chimene tinathira. Mpaka lero munthu akanena kuti amayi sankadziwa kulima, ndimamukanira pamaso. Malo otayapo zinyalala anawasandutsa munda ndi manja awo, ntchito ya abwana ali nayo sabata yonse. Chimene sankachidziwa chinali chimodzi chokha, ndipo palibe anawauza.

Chimanga cha makolo sichifulumira. Anzathu anadya mondokwa, n'kukolola, chathu chikungotulutsa ngayaye. Mvula inatha, m'mawa mukuyamba kuzizira. Amayi ankasenda khoko pang'ono n'kutsina njere ndi chikhadabo. Inkatuluka mkaka. "Chatsala pang'ono," ankatero.

M'mawa wina wa mu Meyi ndinapeza udzu utayera ngati wawazidwa mchere, ndipo madzi a m'chidebe atauma pamwamba ngati galasi. Ndinali ndisanaonepo zotere. Ndinathyola kachidutswa n'kumanyambita, ndikuitana amayi kuti adzaone zodabwitsa. Iwo sanayang'ane n'komwe m'chidebemo. Anathamangira ku njanji opanda mpango kumutu. Dzuwa litakwera, masamba onse anali atalendewera ngati ndiwo zofutsa, munda ukununkha udzu wophika.

Amalume pobwera kuntchito sananene kuti ndinakuuzani. Anatithandiza kuthyola. Amayi anasankha zinsononkho zooneka zokhwimako n'kuziyanika padenga, koma njere zinafota, ndipo atadzaziyesa m'kachitini palibe inamera. Okutobala wotsatira, mvula yoyamba itangogwa, amayi anali oyamba kufika ku njanji ndi mbewu ya m'sitolo. Amalume atawafunsa ngati sanatope, anati chisanu chapha chimanga, khasu sichinaphe. Inenso ndimabzala pa mvula yoyamba, wofuna kuseka aseke.

Sabata ya chisanuyo ine ndinali pa chikondwerero. Tinkaphika mondokwa m'mawa ndi madzulo, wina n'kugawira oyandikana nawo, ndipo ndinkadabwa kuti amayi bwanji sakudya nawo chimanga chokoma chonchi. Sindinkadziwa kuti tikudya chomaliza. Tinataya Malamlungu onse a dzinja limenelo, feteleza wa mitundu iwiri, ndi mbewu ya kwathu yonse, osatsala ngakhale njere imodzi.