Nzeru Zoyeza ndi Kachewere

Ndiulule lero. Nthawi ya atsamunda, Bambo wa kumishoni anandiuza kuti ndisankhe ana asanu anzeru oti ndiziwaphunzitsa mwapadera. Ine, mphunzitsi wodziwa zinthu, nzeruzo ndinaziyeza ndi madengu a kachewere amene makolo ankatula kwathu. Nachisale, mwana wa mayi wamasiye, ndinamusiya.

Tsiku lina Bamboyo anabwera nalemba samu pabolodi. Akatswiri anga aja anangoti kukamwa yasa. Yankho linachokera pawindo, pomwe Nachisale anaima atabereka mng'ono wake.

"Aphunzitsi, ameneyu bwanji ali panja?" anafunsa Bambo.

"Mkati muno anzakewa angamuchedwetse, Bambo," ndinatero osaphethira n'komwe.

Bambo anandigwira chanza, ati ndili ndi diso lozindikira ana anzeru. Nachisale anangondiyang'ana, osandiulula. Mpaka lero ndimati bola akanangonena.