Mtolo wa Nkhuni pa Keke ya Digiri

Ndakhala ndikukongoletsa makeke kwa zaka zambiri ndithu, m'khitchini yanga yaing'ono ku Mbedza, mu Zomba muno, ndipo anthu andipempha zinthu zamitundumitundu. Ndaumbapo ndege, mpira, Baibulo lotsegula, mkwati ndi mkwatibwi, ngakhale ng'ombe ya mkaka. Zonsezi ndimaumba ndi fondanti, shuga wokanda amene amafewa m'manja ngati dongo koma akauma amalimba. Zambiri ndinaziiwala. Koma pali keke imodzi imene ndikaikumbukira mtima umanditenthabe.

Amene anadzaiitanitsa anali mtsikana wochepa thupi, wolankhula motsitsa mawu. Anali atamaliza maphunziro ake ku yunivesite ya ku Chirunga ndipo tsiku lolandira digiri linali pafupi. Ndinamupatsa mpando pakhonde n'kuyamba kumuonetsa zithunzi za makeke amene ndinapangira ophunzira ena: kamtsikana kovala gauni, kachipewa ka makona anayi, kapepala kokulunga kali m'manja.

"Ndi okongola, anti," anatero. "Koma ine ndikufuna pakhale anthu awiri. Ine ndi amayi anga."

"Palibe vuto. Amayiwo tiwaveke chiyani? Yunifolomu ya kutchalitchi?"

"Ayi. Akhale atasenza nkhuni."

Ndinamuyang'ana, ndipo anandifotokozera. Bambo ake anamwalira iye ali ku pulayimale. Kuyambira pamenepo amayi ake ankalawirira m'phiri tsiku ndi tsiku kupatula Lamulungu, n'kutsika ndi mtolo wa nkhuni za paini kukagulitsa ku Zakazaka. "Makope anga onse, nsapato zanga zonse, zinatsika m'phiri muja pamutu pawo," anatero. "Ndikufuna anthu aone."

Ndinavomera nthawi yomweyo. Ndinali nditatopa ndi makeke ofanana, ndipo nkhani yakeyo inandigwira mtima. Ndinapempha chithunzi cha amayiwo, koma chimene anali nacho chinali cha nkhope yokha, atakhwimitsa milomo ngati akujambulitsa chiphaso. Munthu sungamuumbe ndi nkhope yokha. Choncho Loweruka m'mawa tinakwera limodzi mseu wa kuphiri n'kukaima pakona ina kudikira.

Ndinabadwira mu Zomba momwemu, ndipo amayi osenza nkhuni ndawaona moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinawayang'anitsitsa koyamba. Sayenda ngati mmene timayendera enafe. Amathamanga pang'onopang'ono, timapazi tifupitifupi, khosi lili njo, mtolo wautali kuposa iwo eni ukuvinavina kutsogolo ndi kumbuyo. Amayi a mtsikanayo anali achitatu pamzere. Anali aafupi, atavala chitenje cha buluu cha mawanga achikasu, ndipo patapata wakumanzere anali womanga ndi waya. Atationa anatsamiritsa mtolo pamwala, n'kupukuta thukuta ndi nkhata yawo.

Mwana wawo atawauza chimene ndinabwerera, anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Ndiye mukufuna kundiumba ngati mphika, achemwali?"

"Ndi shuga, amayi. Mukhala pamwamba pa keke."

"Kenako anthu andidye?"

"Ambiri sadya, amasunga."

"Chabwino. Koma musanditalikitse. Anthu adzati si ine."

Ndinayesa kunyamula mtolowo mbali imodzi. Sunasunthe.

Sabata imeneyo kunagwa chiperoni, ndipo aliyense wogwira fondanti amadziwa chimene chinyezi chimachita. Shuga amatuluka thukuta, amamata m'zala, sauma. Kamtsikana ka gauni ndinakamaliza masana amodzi chifukwa manja anga anakazolowera. Koma amayi aja ananditengera masiku asanu. Khungu lawo ndinasakaniza ndi ufa wa koko katatu ndisanapeze mtundu wake weniweni. Nkhuni ndinazipota imodziimodzi, n'kuzikanda ndi singano kuti zioneke makungwa, n'kuzimanga ndi timizere takuda ngati mphira imene amamangira. Khosi linathyoka kawiri chifukwa cha kulemera kwa mtolo, mpaka ndinalowetsamo kamtengo kotokosera m'mano kuchokera kumutu kufika m'chiuno. Mawanga a chitenje ndinawajambula ndi kaburashi ka tsitsi lowerengeka. Ngakhale waya wa patapata uja ndinauika. Ndinkawaumitsa m'katoni momwe ndinathiramo mpunga kuti uzikoka chinyezi, ndipo ana anga ndinawaletsa kuyandikira.

Keke yeniyeniyo ndinaisema mbali imodzi kuti ikwere ngati phiri, n'kuikuta ndi fondanti wobiriwira. Kanjira kofiirira kankatsika kuchokera pamwamba. Amayi anali pakati pa kanjirako akutsika, ndipo mwana wawo anali m'munsi, atatembenukira kwa iwo. Amuna anga, amene sachita chidwi ndi makeke pokhapokha akamadya, anaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Awa ndikuwadziwa. Amadutsa pafupi ndi chigayo." Ndinadziwa kuti ntchito yatheka.

Phwando linali m'bwalo la udzu lobwereka, chakumunsi kwa tauni. Amene anakonza zonse anali amalume a mtsikanayo, mchimwene wa amayi aja, bambo wogwira ntchito yapamwamba ku Blantyre. Mtsikanayo anali atandiuza kuti zaka zonse za sukulu yake amalumewo ankangowamva pafoni, koma atamva za digiri anati mwambowo auyendetsa okha. Ndinapita pa takisi, keke ili pamiyendo, ndikumupempha dalaivala kuti azizemba maenje. Nditaiika patebulo n'kuchotsa katoni, amayi amene ankayala nsalu anasiya ntchito n'kudzaunjikana. Wina anawerama kuti aone patapata uja bwinobwino.

Kenako anafika amalumewo, atavala suti yotuwa, makiyi a galimoto ali m'manja. Anayang'ana kekeyo kwa kanthawi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi achemwali anu, bambo."

"Ndikuona. Ndikufunsa kuti akutani pamenepa ndi nkhuni."

"Ndi mmene mwana anapemphera."

"Mayi, pano pakubwera anthu aulemu wawo. Mabwana anga ali m'njira kuchokera ku Blantyre. Mukufuna akanene kuti kwathu ndi kotola nkhuni? Chotsani."

Ndinawayankha mwaulemu kuti keke ndi ya mwana, ndipo akanena yekha ndichotsa. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti akana. Anamuitanitsa. Anabwera atavala gauni yake, chipewa chili m'manja, ndipo ataona keke nkhope yake inawala. Anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma amalumewo anamutsogolera.

"Iwe, lero ndi tsiku lako, tisalichititse manyazi. Anthu amene akubwerawa ndi amene angakupezere ntchito. Kachidole ka nkhunika kachoke, wamva?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Ine ndinkamuyang'ana iye. Amayi oyala nsalu aja anabwerera mwakachetechete ku matebulo awo.

"Chabwino, amalume," anatero.

Amalumewo sanadikire kuti ndichotse ine. Anagwira amayi a shuga aja pamutu ndi zala ziwiri, momwe munthu amachotsera ntchentche mu tiyi, n'kuzula. Ndinamva khosi likuthyoka. Pakanjira panatsala dzenje ndi ming'alu. Anaitana mayi wina n'kumuuza kuti atenge duwa lapulasitiki pa tebulo la alendo atsekepo. Duwa lofiira, lalikulu kuposa kamtsikana ka gauni, lafumbi m'mphepete.

Apa ulemu unandithera. Ndinawauza kuti nkhuni zimene akuchita nazo manyazizo ndi zimene zafikitsa mwanayu pamene ali, ndipo kuti pa anthu onse obwera tsikulo panalibe woyenera kukhala pamwamba pa keke kuposa mayi ameneyo. Iwo sanakweze mawu n'komwe. Anakulunga kachidoleko m'kapepala kopukutira m'manja, n'kupatsa mayi uja kuti akataye kuseri.

"Inu ntchito yanu ndi yophika keke," anatero. "Za banja la eni zisiyeni."

Ndikanatha kuchoka. Ntchito yanga inali itatha. Koma m'malo mwake ndinazungulira kuseri kwa nyumba ya eni bwalolo kukafuna kachidole kanga. Kumeneko ndi kumene ndinapeza amayi a mwini digiri. Anali atavala diresi yatsopano yobiriwira, atamangira chitenje pamwamba kuti isade, akuvundula mpunga wa alendo m'chimphika chachikulu, maso ali ofiira ndi utsi. Alendo ankakhala pamipando yokutidwa ndi nsalu zoyera kutsogolo, iwo ali kuno. Ndinafunsa mayi wina wophika nawo kuti bwanji sakuwalandira ntchitoyo, ndipo anati anayesa koma amalume aja anati mpunga umakoma akaphika iwowo. Nkhuni zimene zinkayaka pamotopo anazitsitsa okha m'phiri dzulo lake.

Za keke ndinawabisira amayiwo. Ndinapeza kachidoleko pamwamba pa kreti ya mabotolo, ndinakaika m'chikwama, n'kukakhala pampando wakumbuyo.

Amalumewo analankhula nthawi yaitali. Anati "ife a banja" tinayesetsa, "ife a banja" timakhulupirira maphunziro a mwana wamkazi. Anatchula mabwana awo mmodzimmodzi ndi maudindo awo, aliyense akuimirira kulandira m'manja. Achemwali awo anawatchula kumapeto, m'mawu ochepa, kuti nawonso anachitako mbali yawo. Ndinakhala pamenepo nditafumbata chikwama changa.

Nthawi yodula keke itakwana anaitana amayi aja. Anabwera akupukuta manja, atavula chitenje chija. Ndinawaona akuyang'ana keke. Maso awo anayamba pamwamba pa phiri, anatsika ndi kanjira, anafika pa duwa lija, anapitirira mpaka pa mwana wawo, n'kubwereranso pa duwa. Kenako anamwetulira, anagwira mpeni limodzi ndi mwana wawo, n'kumudyetsa kachidutswa anthu akuomba m'manja. Mwanayo sanawayang'ane kumaso.

Alendo ali pakati pa kudya ndinabwerera kuseri kuja, ndipo amayiwo anandipeza komweko.

"Achemwali, munaiwala kundiumba?"

Ndinatulutsa kapepala kaja n'kukatambasula pachikhatho. Mutu wa kachidoleko unali utapendekeka, nkhuni zitatu zitathothoka, koma zina zonse zinalipo. Anakatenga mosamala, n'kukayandikitsa kumaso. Anakatembenuza uku ndi uku.

"Koma ndine ndithu," anatero. "Ndi waya yemwe."

Ndinawauza zimene zinachitika, osachotsapo kanthu. Ndinkafuna akwiye. Ndinkafuna apite kutsogolo kuja akakaike patebulo la mabwanawo. Iwo anangopukusa mutu.

"Achimwene ndi mmene alili. Musadandaule. Bola mwana apeze ntchito."

Anakamanga pansonga ya chitenje chawo, monga amamangira zinthu zimene safuna kutaya, n'kupita kukatsuka mbale. Mawu awo ofatsawo anandipweteka kuposa a amalume aja. Munthu wonyamula mtolo umene ine sindinathe kuusuntha, akundipepesa ine chifukwa cha chipongwe chimene achitiridwa iwo.

Nditafika kunyumba amuna anga anati ndinalakwa kulowerera. Anati kasitomala akagula keke ndi yake, atha kuikhalira ngati akufuna. Ndinawafunsa ngati akanalankhula choncho akanakhala amayi awo. Tinadya chakudya chamadzulo osalankhulana. Patapita masiku ndinamva kuti akazi a amalume aja akuuza anzawo kuti mayi wa makeke wa ku Mbedza ndi wamwano. Mabanja awiri amene ankandiitanitsa makeke a ana awo chaka ndi chaka anasiya kubwera. Sindinapite kukadzifotokoza kwa aliyense.

Mtsikana uja ananditumizira uthenga pafoni. Analemba kuti, "Anti, pepani. Ndinachita mantha." Ndinauwerenga kangapo. Ndinkadziwa kuti ndi mwana, kuti ntchito ndi zosowa, kuti kukana amalume pamaso pa anthu si chinthu chapafupi kwa mtsikana woleredwa mwaulemu. Zonsezi ndinkazidziwa, komabe mkwiyo sunatsike. Ndi iye amene anakhala pakhonde langa n'kunena kuti akufuna anthu aone. Panatha sabata ndisanayankhe, ndipo pamene ndinayankha ndinalemba mzere umodzi wokha: "Pepaniyo kapereke kwa amayi ako."

Sanayankhenso. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndinamuumira mtima kwambiri, nthawi zina ndimaganiza kuti ndinachepetsa. Ngati amalumewo anamupezera ntchito, ine sindinamve. Ndinakumana naye kamodzi mumsika, kumbali ya ogulitsa mbatatesi. Tinapatsana moni bwinobwino, ndinafunsa za amayi ake, anati ali bwino koma bondo likuwavuta. Anandiuza kuti akukwatiwa chaka chimenecho. Za keke ya ukwatiwo sananene, ndipo ine sindinafunse.