Lachisanu Limene Ndinatumiza Sukulu Yonse ku Zimbudzi

Chaka chimene ndinali Fomu 3, chiperoni chinakhalitsa mu Zomba. Chifunga chinkatsika phiri m'mawa n'kukakamira pa mitengo mpaka masana, ndipo ine Loweruka lililonse ndinkapezeka nditakhala pa kalavati ina kuseri kwa mpanda wa koleji, laputopu ya achemwali anga ili pamiyendo, zala zitauma gwa ndi kuzizira. Pamalo amenewo wayifayi ya ophunzira inkadumpha mpanda. Ukasunthira kumsewu inkathawa, ukabwerera pa kalavati inkabwera. Tsidya la msewu amayi ena ankaotcha mbatata pa mbaula, utsi wa makala n'kumandilowa m'maso, koma sindinkachoka chifukwa malo a intaneti yaulere sasiyidwa dala.

Ndinene kaye kuti ndinali mtsikana wotani. Ndine amene ndinaika nanzikambe m'bokosi la choko. Ndine amene ndinabisa chitsulo choimbira belu, sukulu yonse n'kudya buleki ya ola lathunthu. Amayi, amene amagulitsa tomato mumsika waukulu, ankati m'mutu mwanga muli linthumbu. Achemwali anga a Asiyatu, mwana wa amalume, ankaphunzira za makompyuta pa kolejipo ndipo ankakhala m'kachipinda ka lendi ku Chikanda. Iwo anaona kuti linthumbulo likungosowa ntchito, ndiye anandibwereka laputopu yawo yakale, ya batire lofa msanga, n'kundisonyeza malo anayi pa intaneti.

Oyamba anali tsamba la maphunziro aulere a SQL, chilankhulo chimene umalankhulira ndi detabesi. Detabesi ndi kaundula wa pa kompyuta, mizere ndi mizere ya zinthu, yemwe ukamufunsa bwino amayankha nthawi yomweyo. Tsambalo linali ndi kaundula wongoyeserera wa makasitomala a sitolo ina yakunja, ndi kabokosi kolembamo malamulo. Ukalemba kuti ndionetse onse a mzinda wakuti, ankatuluka pamzere ngati ana a asembule. Malo achiwiri anali bwalo la mafunso, kumene anthu a dziko lonse amafunsana zowavuta, ndipo ena amayamba akukalipira kaye kuti funso limeneli linayankhidwa kale, kenaka n'kukuyankha bwinobwino. Achitatu anali mavidiyo a bambo wina wolankhula mothamanga, amene ndinkawabweza kanayi kanayi, ndipo ankamaliza batire ndisanamve. Achinayi anali buku lenileni la malangizo a detabesiyo, lalitali, lopanda chithunzi ndi chimodzi chomwe. Achemwali anati limenelo ndilo lofunika kuposa onse. Sindinalitsegule.

Ine ndinakonda tsamba loyamba lija, ndipo chifukwa chake chinali batani limodzi lobiriwira pakona. Ukalidina, kaundula yense ankabwerera mwakale. Ndinkasintha makasitomala onse kukhala a ku Matawale kwathu, ndinkawapatsa onse dzina la galu wathu, ndinkafufuta theka la iwo n'kuseka ndekha pa kalavati mpaka amayi a mbatata kumandiyang'ana. Kenaka batani, onse abwerera, palibe wadandaula. Kwa munthu ngati ine, chimenecho chinali chinthu chokoma kuposa zonse zimene anthu anapangapo. Miyezi iwiri ndinawononga ndi kukonza, kuwononga ndi kukonza, mpaka manja anga anazolowera kuti kuwononga kulibe mlandu.

Kusukulu kwathu kunali kalabu ya makompyuta ya ana asanu ndi awiri, yoyendetsedwa ndi a Saidi, aphunzitsi a fizikisi, munthu wofatsa wovala juzi imodzimodzi ya bulauni nyengo yonse yozizira. Labu yake inali chipinda chakale chosungiramo makasu, chokhala ndi makompyuta asanu onunkha fumbi lotentha. A hedi, mayi wamtali amene sankakweza mawu chifukwa sankafunika kutero, anali atapereka kiyi monyinyirika. Anatiuza pamaso pa a Saidi kuti tikangochita chibwana chimodzi, kiyiyo ibwerera m'dilowa mwawo ndipo m'chipindamo mubwereranso makasu. Pofuna kuwaonetsa kuti makompyuta ali ndi ntchito, a Saidi anakhala masabata angapo akulowetsa ana onse a sukulu mu detabesi: dzina, kalasi, ndi ntchito ya m'mawa imene mwana aliyense wapatsidwa teremu imeneyo, kaya kusesa, kukolopa, kutchetcha, kuthirira maluwa kapena kutsuka zimbudzi. Lolemba lotsatira anayenera kusindikiza ndandandawo n'kuupereka kwa a hedi pa asembule.

Tsono panali Tiyamike, mkulu wa mapulifekiti, mtsikana wa kolala yosakwinyika amene anandilembapo katatu konse chifukwa chochedwa, kamodzi ndili kale mwendo umodzi m'kati mwa geti. Mapulifekiti sagwira ntchito za m'mawa, amangoyang'anira. Cholinga changa chinali chaching'ono: kumulemba Tiyamike pa zimbudzi kwa mphindi imodzi yokha, kuitana anzanga aone, tiseke, kenaka kubweza. Lachisanu masana a Saidi anapita ku mzikiti monga mwa nthawi zonse, n'kutisiya tikuyeserera kutayipa. Kompyuta yawo anaisiya yotsegula. Ndinakhala pampando wawo, ndinalemba lamulo losintha ntchito kukhala zimbudzi, ndipo chifukwa cha kuseka ndi kufulumira ndinadina ndisanalembe gawo lonena kuti asinthidwe ndani. Kompyuta sifunsa kuti mukutanthauza onse kapena mmodzi. Inangondiuza mwaulemu kuti mizere mazana anayi ndi kanthu yasinthidwa.

Ndinatsegula kaundula. Fomu 1 mpaka Fomu 4, anyamata ndi atsikana, mapulifekiti, mwana wa a depyute, mnyamata wodwala mphumu amene ankangopukuta mawindo, onse zimbudzi, zimbudzi, zimbudzi, mpaka pansi. Ndinaseka mpaka misozi, anzanga awiri anagwa pansi, mmodzi anathawira panja atagwira pamimba. Nditatha kuseka ndinapititsa dzanja pakona kuti ndidine batani lobiriwira. Panalibe. Ndinayang'ana pakona ina, pamwamba, pansi, m'timabokosi tonse. Ameneyu anali kaundula weniweni, osati wongoyeserera uja. Ndinatseka kaundulayo, ndinabwerera pampando wanga, ndipo a Saidi atabwera anandipeza ndikutayipa mwakhama kuposa mwana aliyense m'Malawi muno.

Nditaweruka ndinathamangira ku Chikanda. Ndinawapeza achemwali akuchapa pakhonde, ndipo nditawafotokozera anasiya sopo n'kukhala pansi kuti aseke bwino. Atatha anandifunsa ngati a Saidi amasunga kope ina ya kaundulayo. Sindinkadziwa. Tinapita pa kalavati, tinafufuza pa bwalo la mafunso lija, ndipo ndinadabwa kuona kuti sindinali ndekha. Anthu ambirimbiri, ena a ntchito zazikulu m'mabanki ndi m'zipatala za kunja, anali atachitapo zomwezo, ndipo ankalemba ndi zilembo zazikulu kupempha thandizo. Mayankho onse ankafanana: bwezeretsa kuchokera pa kope yako. Wina anawonjezera kuti ngati ulibe kope, funa pepala limene zinthuzo zinachokera, ndipo uyambe kutayipa. Achemwali anatsegula buku lalitali lija n'kundisonyeza ndime yofotokoza mmene umasinthira zinthu mongoyesa kaye, n'kutsimikiza pambuyo utaona zotsatira. Inali pafupi ndi kumayambiriro.

"Ukanawerenga, mwana iwe," anatero.

"Bambo wa vidiyo uja sananene."

"Ananena. Batire linali litatha."

Loweruka m'mawa ndinapita kunyumba kwa a Saidi ku Likangala. Ndinawapeza akupopa njinga. Ndinagwada pakhonde, zimene sindinachitepo kwa mphunzitsi aliyense, ndipo ndinanena zonse mosazungulira. Anaika pampu pansi. Kope analibe. Fulashi yawo inali italowa vayirasi ku shopu yosindikizira m'tauni, ndipo ankangoti agula ina mwezi ukatha. Mapepala amene ankakoperamo anali atawataya. Pamene ntchito za ana onse zinatsalira panali pamodzi pokha, m'hadikava ya mkulu wa mapulifekiti, amene anagawa ntchitozo ndi anzake kumayambiriro kwa teremu.

"Ndiye upita wekha ukaipemphe," anatero a Saidi. "Ndikapita ine, mawa a hedi amva."

"Aphunzitsi, Tiyamike amakhala pamwamba pa phiri."

"Miyendo uli nayo."

Bambo ake a Tiyamike ankagwira ntchito ya za nkhalango, ndipo iye ankagona kwa azakhali ake m'tauni masiku a sukulu n'kumakwera kwawo Lachisanu. Ndinadzera njira yachidule yotsetsereka imene anthu amatsitsira mbatata ya kachewere kumsika. Ndinkapatukira amayi osenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ndi anyamata otsika ndi matumba pamutu akuthamanga ngati pansi palibe matope. Nsapato zanga za sukulu zinanyowa, mpweya unkandithera, fungo la utomoni wa paini linkandikanda pakhosi. Pamwamba ana ogulitsa sitiroberi m'timbale anandilozera nyumba za nkhalango, ndipo ndinamupeza Tiyamike atavala chitenje ndi chipewa cha ulusi, akuwaza nkhuni. Ndinali ndisanamuonepo wopanda kolala.

Anamvetsera nkhwangwa ili m'manja. Sanaseke. Anangofunsa kuti, "Unkafuna kulemba ndani?"

"Iweyo."

"Ndekha?"

"Wekha. Enawo angovulala."

Apo m'pamene pakamwa pake panagwedera pang'ono. Anati hadikava sabwereketsa, abwera nayo yekha mawa tikaweruka kutchalitchi, ndipo aziwerenga iye, ine ndizitayipa. Koma panali mtengo wake. Pa dzina langa, pamene panali kuthirira maluwa, ntchito yofewa imene ndinaipeza movutikira, pasasinthidwe. Pakhale mmene kompyuta yalembera. Ndinayesa kunenerera kuti mwina theka la teremu, iye anangokweza nkhwangwa n'kupitiriza kuwaza. Potsika anandipatsa mapichesi atatu, sindikudziwa chifukwa chake.

Lamlungu tinakhala mu labu kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. A Saidi anabwera ndi fulashi yatsopano, ndipo tikamaliza kalasi imodzi ankasunga kope. Tiyamike ankawerenga ndi mawu ake a pa asembule, dzina ndi ntchito, dzina ndi ntchito, ine n'kumalemba lamulo lililonse ndi gawo lake lonena kuti ndani, ndipo ndisanadine ankaweramira pa sikirini kuti aone. Magetsi anazima kamodzi, tinadikira titakhala pa masitepe tikudya chimanga chootcha. Ndinadziwa ana a sukulu yathu tsiku limenelo kuposa zaka zitatu zonse: a Banda angati, a Phiri angati, ndani amene mapulifekiti amamukonda, ndani amene anamuika kotchetcha chaka chachitatu motsatizana. Mzere wanga titaufika Tiyamike anangoti, "Dumpha."

Lolemba pa asembule a Saidi anapereka mapepala kwa a hedi. Mayiwo anawatembenuza limodzilimodzi, pang'onopang'ono, ife a kalabu titasiya kupuma. Atafika pa Fomu 3 anaima, anakweza maso n'kundipeza pamzere. Kenaka anauza sukulu yonse kuti poyamba ankakayika za makompyutawa, koma tsopano aona kuti makinawa sakondera, chifukwa angofika kumene koma adziwa kale woyenera kutsuka zimbudzi. Ana anaseka mpaka a depyute anachita kuimba belu. Kiyi inatsala m'thumba la juzi ya bulauni, ndipo teremu yotsatira a hedi anawonjezera kompyuta yachisanu ndi chimodzi.

Ndinatsuka zimbudzi za atsikana masabata asanu ndi anayi, m'mawa uliwonse, ndi ndowa, burashi ndi mankhwala otsukira amene fungo lake linkandithamangitsira anzanga pa desiki. Anthu amafuna ndinene kuti ndinalapa. Chimene ndinasiya ndi chimodzi: sindigwiranso kaundula weniweni ndisanasunge kope, ndipo malangizo aatali opanda zithunzi ndimawawerenga tsopano, ngakhale monyinyirika. Masamba aulere aja anandiphunzitsa kulamula kompyuta, koma palibe limene linandiuza kuti kuseri kwa mzere uliwonse kuli mwana wa munthu wogwira tsache, ndi mphunzitsi amene anatayipa dzina lake ndi zala ziwiri. Zimenezo ndinakazimva ndi miyendo paphiri. Ana a kalabu a masiku ano sakhalanso pa bwalo la mafunso kudikira kukalipiridwa ndi mlendo. Amangofunsa foni, iyo n'kuwalembera lamulo lonse lathunthu, lopanda chosowa. Ndimawamvera chisoni pang'ono. Sadzaona zimene ine ndinaona, ndipo a Saidi andikhululukire, mutandibwezera Lachisanu limenelo ndingadinenso. Kungoti ndingayambe ndasunga kope.