Mawaya a ndege ya alamu anga

Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, akumanga ndege m'galaja yawo ku Mississauga, kuno kutsidya kwa nyanja. Ndege yeniyeni, ya anthu awiri, ija imabwera m'mabokosi n'kumailumikiza wekha. Anakalambira pabwalo la ndege akukweza masutikesi m'ndege za eni, ndiye atapuma ntchito anaphunzira kuyendetsa, n'kunena kuti yawoyawo adzaiulutsa asanafe.

Ine ndimasamalira okalamba ku Scarborough. Manja angawa amadziwa kutembenuza munthu pabedi, basi. Koma ndili ndi nthenda yowerenga. Munthu akangondiuza kuti akuweta njuchi, mawa lake ndili ku laibulale, sabata isanathe ndayamba kumulangiza, pamene njuchi sinandilumepo. Ndege ya alamu inandigwetsanso m'nthenda yomweyo.

Kale ku Limbe alamu ankakonza mawailesi, ndipo waya aliyense amamulumikiza powotcherera ndi mtovu. Ndikapita kugalaja kuja Loweruka ndinkawapeza atawerama, kautsi kakukwera, polumikiza pakuwala ngati ndolo. Koma mabuku anga ankati m'ndege ambiri sachita choncho. Mtovu wosungunuka umalowerera m'tizingwe ta mkuwa, waya n'kuuma gwa, ndipo injini ikamagwedeza ndege, waya amadzathyokera pomwe mtovu wathera. Amati ndi bwino kulowetsa waya m'kachitsulo kobowoka n'kufinya ndi pulayazi yake, kukirimpa kumene amanena kuno. Mabuku ena ankati kuwotcherera kulibe vuto bola waya amangidwe bwino, koma amenewo sindinkawakhulupirira. Ndinkangoona alamu ali m'mwamba, waya wa pampu ya mafuta ataduka.

Vuto linali kuwauza. Alamu amenewa ndi ankhoswe a ukwati wathu. Ndi omwe anandikhazika pansi pamene banja langa linkagwedera, ine nditazolika. Munthu wotere sungamuuze kuti luso lake la moyo wonse lingamuphe. Ndiye ndinachita zakwathu, kudzera kuseri. Ndinauza akazi anga, iwo anauza akazi a alamu, ndipo uthenga unakafika wakuti ine ndikudandaula kuti utsi wa mtovu uwapweteka chifuwa. Loweruka lotsatira ndinapeza atsegula zenera, kunja kuli chisanu chodula makutu, iwo akundithokoza kuti ndine mlamu woganizira anthu.

Kenako ndinagula pulayazi ija, ndi timapaketi ta tizitsulo tofiira ndi tabuluu, n'kukapereka ngati mphatso. Analandira ndi manja awiri, n'kuikoloweka pakhoma, pamalo aulemu, isanachoke ndi m'pulasitiki momwe. Miyezi inapita ili pompo. Ine ndinkakhala pandowa yovundikira, kuwapatsira sikuludiraiva, kuyamikira ntchito yomwe inkandisowetsa mtendere.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinayamba ndi nkhani ya munthu wina wa m'buku, kuzungulira uku ndi uku, mpaka alamu anazimitsa chowotcherera chawo.

"Apulofesa, mwazungulira mokwanira," anatero. "Mukuti mawaya angawa adzathyoka?"

Ndinati si ine, ndi mabuku.

Sanakwiye. Anati zimenezo anazimva kalekale kwa anzawo omanga ndege, ndipo pulayazi ngati yanga anaiyesapo kwa mnzawo wina. Anatsitsa ija ya pakhoma, n'kung'amba pulasitiki, n'kuika kachitsulo ndi waya, n'kuyamba kufinya. Pulayazi yamtunduwu siitseguka mpaka utafinya kufika kumapeto. Yawo inaima pakati. Anawonjezera dzanja lachiwiri, nkhope itakwinyika, koma sinasunthe. Apo m'pamene ndinayang'anitsitsa zala zawo, zotupa m'mfundo ndi nyamakazi. Chowotcherera n'chopepuka, chimangofuna kuloza. Ine miyezi yonseyi ndinkayang'ana mawaya, munthu woti ndimaona manja a okalamba tsiku lililonse kuntchito.

"Ndiye poti mwawerenga, finyani inu," anatero akundipatsa pulayazi. "Ine ndidzauluka ndi zimene mwafinyazo."

Ndinayesa kukana. Ndinati tipeze munthu wodziwa. Anati mawaya a ndege yawo sagwiridwa ndi mlendo, ndipo mlamu alipo wa ntchito yanji.

Woyamba ndinamufinya ndi mphamvu zanga zonse. Alamu anagwira waya, kukoka pang'ono, n'kusololoka ngati ulusi. Ndinali nditaika kachitsulo kabuluu, kabowo lalikulu, pamalo a kofiira. Wachiwiri ndinasenda pulasitiki mwaukali mpaka kudula tizingwe tina. Wachitatu anagwira, koma alamu anati akuoneka ngati wamutafuna galu. Ankaseka mpaka kutsokomola, ine thukuta lili kamukamu m'galaja yozizira. M'buku chithunzi chake chinali chimodzi chokha, ndipo pachithunzipo ntchitoyi inkaoneka yophweka.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkakwera sitima yodutsa pansi pa nthaka, kenako basi, kukafinya mawaya. Iwo ankadula owotcherera aja mmodzimmodzi, ntchito yawo yokongola ija n'kumagwera pansi. Ine kufinya, iwo kukoka. Ambiri anayamba kugwira. Koma kukoka kwa munthu wa nyamakazi n'kukoka kwanji? Ndikati ndikokenso ndekha, ndinkaopa kuti ndikufooketsa chomwe chinali bwino. Ndinabwerera ku laibulale, koma palibe buku lomwe linkadziwa dzanja langa. Akazi anga atandifunsa ngati tsopano ndege ya achimwene awo ili bwino, ndinati ili m'manja abwino, iwo n'kuyang'ana manja angawo.

Mwezi wathawu tinamaliza mawaya a kuseri kwa mawotchi a kutsogolo kwa woyendetsa, komwe ukatseka suonakonso. Alamu anatenga chivundikiro chake. Ndinapempha kuti tidikire Loweruka lina, ndionenso onse kuyambira poyamba. Anati ndanena zomwezo kawiri kale, ndipo madokotala oyeza oyendetsa ndege, omwe angawaletse kuuluka zala zikafika poipa, sadzawadikira mpaka ine mtima utakhala pansi.

"Alamu, nanga wina akadzasololoka muli m'mwamba?"

"Ndiye mudzadziwa kuti mabuku anu ananama. Gwirani apa."

Ndinagwira chivundikirocho, iwo akumanga masikuluwu pang'onopang'ono, kupumira pakati zala zikawawa. Omalizawo anawalephera, ndipo ndinawamanga ndine.