Tsiku Limene Amayi Anakonza Pakamwa pa Gwape

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinayamba kuwanamiza amayi anga chifukwa cha nyama zakufa. Tinali titakhala ku Leicester, ku Mangalande, zaka zinayi kuchokera ku Zomba, awiriwiri, m'nyumba zogundana zija zoti wa khomo linalo akayetsemula umamva. Mliri wotsekera anthu m'nyumba uja unali usanabwere. Amayi ankasamalira okalamba ku keya homu, mashifiti a usiku, choncho Loweruka ambiri ankakhala ali mtulo mpaka masana.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala mayi wachizungu, a Maureen, wamfupi, wa mawu osasa ndi fodya, zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri. Kumapeto kwa bwalo lawo kunali shedi ya matabwa, ndipo pawindo lake panali kadzidzi. Kadzidzi weniweni, maso tong'oo, osaphethira, kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa. Amayi atamuona koyamba anagwetsa beseni la zochapa.

"Yesu wanga! Ndi munthu wamtundu wanji wosunga kadzidzi pakhomo?"

Ndinayesa kuwalongosolera kuti ndi wakufa, anangomukonza kuti azioneka ngati wamoyo, ndipo kuno imeneyo ndi ntchito ngati ina iliyonse. Apo ndiye ndinaiwonongeratu nkhani.

"Wakufa koma akuyang'ana? Iwe Tamanda, kumeneko usadzapondeko. Ukadzangoyerekeza tidzaonana."

Amayi anga akanena chinthu sabwereza. Tsiku lomwelo anamasula chingwe choyanikira zovala n'kukachimanga kumpanda winawo.

Koma mphepo ya kuno siimva malamulo a munthu. Tsiku lina inaulutsa siketi yanga ya kusukulu n'kukaiponya pakhomo penipeni pa shediyo. Ndinazemba kukaitola, ndipo ndinapeza chitseko chili pululu. Munali nkhandwe, agologolo, mbalame zamitundumitundu, zonse zokonzedwa ngati kadzidzi uja, fungo la guluu, tiyi ndi utsi wa fodya, kawailesi kakulira chapansipansi. A Maureen sanandifunse n'komwe kuti ndine mwana wa yani. Anangondipatsira kabokosi ka maso a galasi kuti ndiwasankhire awiri ofanana, poti magalasi awo anali atawaiwala m'nyumba. Basi, ndinakodwa. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkauza amayi kuti ndikupita kulaibulale, n'kuzungulira kanjira ka kuseri kokokera mabini a zinyalala.

Tinayamba ndi gologolo, amene anatuluka khosi lopindika moti a Maureen ankamutcha dzina la mwamuna wa mchemwali wawo. Patatha miyezi ingapo, mlimi wina mnzawo anabweretsa gwape wamng'ono amene anagundidwa ndi galimoto pamsewu wa ku Loughborough. A Maureen anandionetsa zala zawo zotupa ndi nyamakazi, n'kunena kuti zinthu zing'onozing'ono sizikugwirikanso, ndiye gwapeyu ndi wanga, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Abale inu, ndinasangalala! Sabata imeneyo ndinkatsuka mbale ndikuimba, mpaka amayi anandifunsa ngati ndapeza chibwenzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti nyama zimenezi amazilonga udzu m'kati. Ayi. Pamakhala mutu ndi khosi zoumbiratu, zachikasu, zopepuka koma zolimba, zimene timazitcha fomu, ndipo chikopa chofufutidwa bwino umachiveka pamwamba pake ngati sokosi. Povuta ndi pakamwa. Pa fomupo umacheka kangalande kopyapyala kutsata mzere wa milomo, ndipo kachikopa ka m'kati mwa mlomo umakalowetsa m'menemo ndi kachitsulo kopyapyala. Ndinatha Loweruka awiri athunthu ndikungopala milomoyo kuti ipyapyale, pang'onopang'ono, ine lilime lili panja, kuopa kuboola. Chikopa chinali chimodzi chokha, ndipo chikang'ambika panalibe kwina kokatenga.

Tsiku loveka litakwana ndinapaka guluu fomu yonse, tinakoka chikopa mpaka chinalowa, ndipo maso ndi makutu zinakhala bwino moti a Maureen anaimba likhweru. Kenaka anandichenjeza kuti guluuyo sadikira munthu: akayamba kugwira, chikopa chimakhala pomwe wachisiya. Ndinayamba kulowetsa milomo. M'masaya munachita makwinya, ndiye ine m'nzeru zanga ndinakokera chikopa kumbuyo kuti chisalale, n'kubaya mapini. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione, mayo ine! Gwape anali akuseka. Osati kumwetulira, kuseka kwenikweni, ngati chidakwa cha pa ukwati chimene chaona kuti mowa wina ukubwera.

A Maureen anaseka mpaka kutsokomola. Nanenso ndinaseka mokweza, koma nditayesanso kachiwiri zinaipiratu: mbali imodzi inakwera, ina inagwa. Iwo anayesa kugwira kachitsulo kaja, kanawapulumuka kawiri konse. Apo kuseka kunatha. Guluu anali atayamba kumata zala, ndipo ine misozi inali italengeza m'maso.

Ndi pamene pakhomo panachita mdima.

Anali amayi, chitenje pamwamba pa zogonera, jekete pamwamba pa chitenje, masilipasi kuphazi. Pambuyo pake ndinamva kuti chinawadzutsa ndi kuseka kwanga komwe, kumene kunadutsa mpanda n'kulowa pawindo la kuchipinda kwawo. Anaima chammbali kuti asayang'anizane ndi kadzidzi.

"Tamanda. Laibulale ija ndi imeneyi?"

Ndinadziwa kuti zatha, shedi imeneyi sindidzaionanso.

"Tiye."

"Amayi, chonde," ndinatero. "Mukandilange kunyumba mmene mungafunire. Koma guluuyu akauma, gwapeyu akhala chonchi mpaka kalekale."

Anatsegula pakamwa kuti andikalipire, koma maso awo anagwera pa gwape uja. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Nkhope yawo inasintha, mkwiyo unalipobe koma unali utaloza kwina.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Ine."

"Nanga wamukokeranji chonchi mwana wa eni? Akuseka chiyani?"

Anatembenukira kwa a Maureen, n'kupempha magolovesi m'Chingerezi chawo cha kuntchito chija, chaulemu koma chosafuna yankho lina. A Maureen anawapatsa. Amayi anapinda manja a jekete, anazula mapini anga onse, kenaka anaika zikhatho zawo m'masaya mwa gwape n'kuyamba kusisita chikopa kuchokera kumakutu kubwera kutsogolo, mofatsa, mpaka chinasonkhana chokha pakamwa.

"Usakoke," anandiuza. "Khungu silikokedwa, umalibweretsa. Tenga kachitsulo kakoko. Yamba mlomo wa m'munsi, pakati penipeni, pansi pa mphuno. Ukalakwitsa pakati walakwitsa ponse."

Ndinalowetsa pakati, kenaka pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, iwo atagwirira chibwano. A Maureen anali kumbuyo kwathu akugwedeza mutu, akuti ndi momwemo, chikopa chikamauma chimakhwinyata, ndiye uyenera kuchisiyira mpata. Anandipatsira timibulu tiwiri ta dongo toika m'makona mwa kamwa. Titafika pa mlomo wa m'mwamba ndinamva amayi akuyankhula chapansipansi, ndipo ndinaganiza kuti akupemphera chifukwa cha kadzidzi. Ayi ndithu, ankayankhula ndi gwape.

"Pepa bambo, tatsala pang'ono. Eya, choncho. Wachita bwino."

Pomaliza anadutsitsa chala chawo chachikulu pamzere wa milomo, kamodzi kokha, n'kundiuza pobaya mapini. Tonse atatu tinabwerera m'mbuyo. Kuseka kuja kunali kutachoka. Anali gwape basi, pakamwa potseka bwinobwino, ngati wangoima m'tchire kumvetsera china chake. Ndinakuwa ndi chimwemwe, n'kuwakumbatira amayi ndi manja a guluu, ndipo jekete imeneyo ili ndi zipsera mpaka lero.

A Maureen anafunsa kuti zimenezi anaziphunzira kuti. Amayi anayankha akuvula magolovesi, ngati nkhani wamba. Anati kuntchito wokalamba akamwalira, iwo ndi amene amamusambitsa, kumubwezera mano ake oikirira ndi kumutseka pakamwa thupi lisanaume, abale asanafike. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kumalizira m'Chichewa.

"Mwana wake akalowa asamuone ngati akuvutika, asamuonenso ngati akuseka. Amuone ngati akupuma. Ndi nkhope yomaliza imene ati apite nayo kwawo."

Ine sindinkadziwa. Zaka zinayi zonsezo ndinkangoona yunifolomu pachingwe ndi munthu wotopa m'mawa, osafunsa n'kamodzi komwe kuti usikuwo manja awo agwira chiyani. Nditawamasulira a Maureen mawu omalizawo, anamina n'kunena kuti akukateleka ketulo. Amayi anamwa tiyi wa m'shedi imeneyo makapu awiri, atafulatira windo, ndipo anatsutsana ndi a Maureen za khutu lakumanzere, kuti lagwa kwambiri. Anapambana ndi amayi.

Kunyumba mlandu unalipobe. Ndinakhala pampando ndikudikira, iwo akuchotsa guluu pa jekete ndi mpeni wa buledi. Anati bodza ndi bodza, foni andilanda masabata awiri, ndipo kubafa ndikolopa ine mwezi wonse. Ndinangovomera zonse, poti chimene ndinkaopa sichinali chimenecho. Potsiriza ndinalimba mtima.

"Nanga Loweruka?"

Anapitiriza kupala, osandiyang'ana.

"Ukamaliza ntchito za pakhomo. Ndipo uzidzera kumaso ngati munthu, osati kumabini." Anaima pang'ono. "Wotsatirayo ukafika pakamwa undidzutse. Usamuchititsenso manyazi."

Ndinavina m'khitchini monse mpaka anandiopseza kuti asintha maganizo.

Panopa ndine wamkulu, ndipo milomo ya agwape ndatseka yambiri ndekha, osadzutsa munthu. Komabe ndikafika pamenepo ndimachedwa dala, ndipo nthawi zina ndimadzipeza ndikuipepesa nyamayo. Ndikakumbukira miyezi ija yozembera kumabini ndimadziseka. Ndinkabisa ntchitoyo poganiza kuti amayi anga, mayi wa ku Zomba woopa kadzidzi, sangaimvetse. Chonsecho pa anthu atatu amene tinali m'shedi muja, woidziwa kuposa tonse anali iwowo, ndipo anaiphunzirira pa nkhope za makolo a anthu ena, ine ndili mtulo.